SUSHI PA BIRIWIRI: KODI CHAMBO N'KUDYA CHOSAPHIKA?



Aliyense amene anayendapo pa msewu wa M1 kuchokera pa boma la Ntcheu kulowera ku Dedza akudziwapo pa Biriwiri. Ndi pamalo pozizira, pa chipata cholowera m'dziko la Mozambique, ndipo kuyambira chapamenepo msewu umayenda m'malire enieni, kotero kuti munthu ukangooloka msewu waponda kale dziko la eni. Malonda a kumeneko ndi mbatata ya kachewere, kabichi, tomato, anyezi ndi nyemba. Nyanja ili kutali, kuseri kwa mapiri. Choncho mudabwa kumva kuti funso la nsomba limene linanditulutsa thukuta kuposa onse amene ndafunsidwapo chiyambireni ntchito yophunzitsa madrassa, ndinakumana nalo pamenepo, osati ku Malindi kapena kwa Makanjira.

Azakhali anga, mlongo wawo wa malemu bambo, anakwatiwa kumeneko kalekale. Amuna awo atatisiya, iwo anatsegula kalesitilanti ka matebulo atatu m'mbali mwa msewu. Ndiwo zawo zenizeni ndi nsomba, monga mwana wa kunyanja: chambo chikapezeka, mlamba wowamba, usipa wofutsa ndi utaka. Madalaivala a Chisilamu amaimapo kwambiri chifukwa amadziwa kuti mu mphika wa mayi amenewa simunalowemo chokayikitsa, ndipo kuseri kuli ketulo ya madzi ndi mkeka woswalirapo. M'dera limene anyamata amakuimikira mbewa pa ndodo m'mbali mwa msewu, malo otere ndi mpumulo kwa Msilamu wapaulendo.

Mwana wawo wamwamuna, msuweni wanga, anakhala zaka zisanu ndi chimodzi ku Cape Town monga achitira anyamata athu ambiri. Anayamba ndi kutsuka mbale pa lesitilanti ina ya m'mbali mwa nyanja yamchere, kenaka anakwezedwa n'kuyamba kuphika mpunga, mpaka pomaliza anapatsidwa mpeni. Pobwerera kumudzi sanabwere ndi galimoto ayi. Anabwera ndi mipeni iwiri yokulunga m'nsalu, kamphasa ka timitengo ta nsungwi, ndi maganizo akuti alemere ndi chakudya cha ku Japan chotchedwa sushi, poti azungu, amwenye ndi mabwana opita ku Lilongwe amadutsa pakhomo pomwepo tsiku ndi tsiku. Azakhali atamva kuti mwana akufuna kudyetsa anthu chambo chosaphika, anamenya lamya kwa ine. "Mwanangu, bwera udzamve zimene wabwera nazo mbale wakoyu. Ine sindinaone."

KODI SUSHI N'CHIYANI?

Tiyambe tamvana pa mawu. Kwathu tikati "nsomba yaiwisi" timatanthauza imene sinayanikidwe pa thandala kapena kuwambidwa, koma timaiphikabe. Apa tikunena nsomba imene sinaone moto ngakhale pang'ono. Amaidula timapisi topyapyala n'kuika pamwamba pa kambamu ka mpunga wothira viniga, shuga ndi mchere, kapena kuikulunga pamodzi ndi mpungawo m'tsamba louma la ndere za m'nyanja yamchere lotchedwa nori. Pambali pamakhala msuzi wakuda wa soya ndi kanthu kobiriwira kotchedwa wasabi, kamene sikawawa pa lilime ngati tsabola wa kambuzi koma kamathamangira m'mphuno mpaka misozi mbwee.

Msuweni sanachedwe. Tisanamalize n'komwe kulonjerana anali atatulutsa kale funso lake, ndipo anali atakonzekera ngati wopita ku bwalo la milandu.

"A Mwalimu, inu munapita ku koleji. Tandiuzani pamaso pa amayi pano. Nsomba yosaphika ndi haraam?"

Ndinati si haraam.

Azakhali anagwira pakamwa. Koma choona n'chomwecho, ndipo mphunzitsi sayenera kupotoza lamulo pofuna kusangalatsa azakhali ake. Qur'an yolemekezeka, m'Surat Al-Maidah ndime 96, inatiloleza zogwidwa m'nyanja, ndipo Surat An-Nahl ndime 14 imawerengera nyama ya m'nyanja pakati pa mitendere imene Allah anatipatsa. Mtumiki Muhammad (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) anaphunzitsa kuti pa zamoyo zofa popanda kuzinga, ziwiri n'zololedwa, nsomba ndi dzombe. N'chifukwa chake palibe amene amazinga usipa. M'mabuku a hadith a Bukhari ndi Muslim mulinso nkhani ya gulu la maswahaba pafupifupi 300, lotsogozedwa ndi Abu Ubaidah ibn al-Jarrah, limene linagwidwa ndi njala yoopsa m'mbali mwa nyanja mpaka kumadya masamba a mitengo. Nyanja inawalavulira chinsomba chachikulu chakufa kale, ndipo anachidya masiku ambiri. Atabwerera ku Madina n'kufotokoza, Mtumiki anavomereza, ndipo anadyako nyama imene inatsala.

Ambiri a ife kunyanja kuno timatsata madh-hab a Imam Shafi, amene amaloleza zonse zokhala m'madzi mokhamokha, kupatula zokhala konsekonse kumadzi ndi kumtunda monga ng'ona ndi chule. Abale athu otsata Imam Abu Hanifa amaloleza nsomba yokha, ndipo salola imene yafa yokha n'kuyandama chagada. Koma palibe mwa maimamu amenewa amene anaika moto kukhala lamulo loyeretsera nsomba. Kuphika si kuzinga.

Msuweni anaomba m'manja, nayang'ana amayi ake ngati wopambana. Ndinamuuza kuti akhale pansi kaye, poti yankho langa linali lisanafike ndi pakati pomwe.

MPUNGA WOTHIRA MOWA

Choyamba ndinamufunsa zimene ankathira mu mpunga ku Cape Town. Anatchula viniga, shuga, mchere, kenaka anazengereza pang'ono n'kunena kuti ophika ena amathiramo mirin. Apa ndi pamene ndikufuna makolo amene ana awo ali ku Joni amvetsere bwino. Mirin weniweni ndi mowa wotsekemera wa mpunga, ndipo ukali wake umafika pafupifupi 14 pa 100 iliyonse, kuposa mowa wambiri wa m'mabotolo. Amauthira mu msuzi wopaka pa nsomba zowotcha, mu dzira lokazinga la pa sushi, ndipo ena mu mpunga momwe. Wina ndi sake, umene ndi mowa wa mpunga wakumwa ndithu. Viniga alibe vuto, poti Mtumiki mwini wake anamuyamikira kuti ndi ndiwo yabwino. Msuzi wa soya wofululidwa mwachikale umakhala ndi kaukali pang'ono kochokera m'kuwira kwake, ndipo ma ulama amasiyana maganizo pa umenewu. Njira yopepuka ndi kugula wokhala ndi chidindo cha halaal, monga zidindo za Muslim Judicial Council ya ku Cape Town kapena SANHA.

Tsono taonani. Munthu amalowa m'lesitilanti ya nsomba mtima uli m'malo, n'kumati kuno kulibe nkhumba, kulibe nyama yosazinga, pamene chomukola chili mu mpunga umene sakuukayikira n'komwe. Msuweni anavomera kuti zaka ziwiri zoyamba ankalawa mpunga umenewo tsiku lililonse osadziwa kuti botolo lija ndi la chiyani, poti linalembedwa m'zilembo za Chijapani. Allah ndi wokhululuka pa zimene munthu wachita mosadziwa. Koma amene wawerenga nkhani ino wadziwa, ndipo kufunsa wophika si mwano.

ULENDO WA CHAMBO

Chachiwiri ndi chimene tinakanganirana mpaka nthawi ya Asr. Qur'an, m'Surat Al-Baqarah ndime 168, polamula anthu za chakudya imaphatikiza mawu awiri, halaal ndi twayyib, kutanthauza chololedwa komanso chabwino, choyera, chosavulaza thupi. Ife timakonda kugwira loyambalo n'kuiwala lachiwirilo. Komanso pali lamulo lodziwika m'fiqh, lochokera m'hadith, lakuti Msilamu asadzipweteke ndipo asapweteke mnzake. Mwini lesitilanti amene waika mbale patsogolo pa mlendo wasenza amana, ndipo adzafunsidwa za mbaleyo.

Ndinamupempha kuti atiuze njira imene chambo chake chimayenda. Chimakodwa usiku, mwina cha ku Monkey Bay kapena kufupi ndi Mangochi. Chimagona m'bwato, m'madzi a pansi pa bwato amene alovi apondamo usiku wonse. M'mawa chimatayidwa pa mchenga, ogula n'kumachigwiragwira potsatsana mtengo, kenaka chimatsukidwa ndi madzi a m'mphepete momwe anthu amachapira ndi kusamba. Chikatero chimakwera galimoto, kudzera ku Golomoti n'kukwera phiri la Khwekhwerere, kapena kuzungulira ku Liwonde ndi ku Balaka. Mwini katundu akakhala wosamala amathira ayezi, koma tonse taonapo chambo chitamangiriridwa pa galasi la minibasi, chikuombedwa ndi mphepo ndi fumbi kuti chisaonongeke. Chimafika pa Biriwiri dzuwa litapendeka. Chambo chotere mu mphika wa azakhali, ndi tomato ndi anyezi, chibwatire bwinobwino, ndi chakudya cha mafumu. Moto ndi umene umafafaniza zonse za m'njira zija. Ukachotsapo moto, watsala ndi mchenga, manja a anthu khumi ndi madzi a m'bwato.

Sitinaiwale kolera. Mliri umene unayamba m'boma la Machinga m'mwezi wa March 2022 n'kupitirira mpaka 2023 unatenga miyoyo yoposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Mangochi linali limodzi mwa maboma amene analira kwambiri. Ine ndinaswalira nawo majanaza ena a nthawi imeneyo, ena a ana a msinkhu wa ophunzira anga. Kachilombo ka kolera kamayenda m'madzi oipa ndi m'zakudya zosapsa. Azaumoyo ankatiuza m'mizikiti momwe kuti tizidya chakudya chikadali chotentha.

Msuweni anati ali ndi firiji. Zoona, kuzizira kwambiri kumapha nyongolotsi za m'nsomba. Ku America malangizo a boma amati nsomba yoti idyedwe yosaphika iumitsidwe pa madigiri 20 kunsi kwa ziro kwa masiku 7. Koma firiji ya panyumba kawirikawiri sifika pamenepo, ndipo magetsi athu mukuwadziwa kuthimathima kwake. Kuonjezera apo, kuzizira kumapha nyongolotsi koma tizilombo tosaoneka ndi maso timangogona, n'kudzadzuka nsomba ikasungunuka.

Ndipo maiko amene anazolowera kudya nsomba yosaphika amaopa kwambiri nsomba ya m'madzi opanda mchere, ngati athuwa. Kumpoto chakum'mawa kwa Thailand ndi ku Laos anthu amakonda nsomba za m'mitsinje zosaphika, zongosakaniza ndi mandimu ndi tsabola, ndipo kumeneko kuli kanyongolotsi kamene kamakakhala m'njira za ndulu zaka zambiri mpaka kuyambitsa khansa. Derali ndi limodzi mwa madera amene khansa imeneyi ndi yochuluka kwambiri pa dziko lonse. Mandimu ndi tsabola sizipha kanthu. Ku Singapore, dziko laukhondo wosaneneka, anthu ambiri anadwala kwambiri mu 2015 atadya nsomba zosaphika za m'madzi opanda mchere, ndipo kumapeto kwa chaka chomwecho boma linaletsa kugulitsa nsomba zotere kuti zidyedwe zosaphika. Ngati a ku Singapore anagonja, ife a pa Biriwiri tidalira chiyani?

ENI AKE ANAYAMBA BWANJI?

Apa msuweni anakwiya pang'ono. Anati ndikunyoza luso limene analivutikira zaka zisanu ndi chimodzi, akudzuka usiku, akutukwanidwa ndi mabwana, zala zili mabala okhaokha. Ndinamumvetsa. Mnyamata akabwera kuchokera kunja amafuna kuonetsa kuti sanapite kukasewera, ndipo akuluakulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Sindinafune kumuthyola mtima. Mwamwayi, mbiri ya sushi yomweyo inandithandiza, ndipo mbali ina anaidziwa iye kuposa ine.

Sushi sinayambe ngati chakudya cha anthu olemera, ndipo sinayambe ndi nsomba yosaphika yongovuulidwa kumene. Inayamba ngati njira yosungira nsomba, monga ife timafutsira usipa kapena kuwamba mlamba. Anthu olima mpunga a kum'mwera chakum'mawa kwa Asia ankathira nsomba mchere n'kuikwirira mu mpunga wophika kwa miyezi, mpungawo n'kusasa, ndipo kusasako n'kumene kunkateteza nsomba kuti isaole. Njirayi itafika ku Japan inakhazikika kwambiri m'mbali mwa nyanja ya Biwa, imene ndi yaikulu kuposa nyanja zonse za madzi opanda mchere m'dzikomo, ngakhale kuti yathuyi ingaimeze kopitirira ka 40. Mpaka lero anthu a kumeneko amakonza funazushi: nsomba ya m'nyanja yawo yotchedwa nigorobuna amaisunga mu mchere miyezi ingapo, kenaka mu mpunga miyezi inanso yambiri, ena mpaka zaka. Ndi anthu a kunyanja ngati ife, ndipo sushi yawo yakalekale ndi ya nsomba yokhalitsa mu mchere. Nawonso akudandaula kuti nsomba yawoyo inachepa, monga ife tikulirira chambo, chimene mitundu yake itatu inalembedwa mu 2018 ndi bungwe la IUCN kuti ili pangozi yaikulu yotheratu.

Sushi ya timibamu imene yafala lero inatchuka mu mzinda wa Edo, umene tsopano ndi Tokyo, cha m'ma 1820, ndipo dzina limene limatchulidwa kwambiri ndi la Hanaya Yohei. Chinali chakudya cha m'mbali mwa msewu, chodya choimirira anthu apantchito, ngati chiwaya cha tchipisi kwathu kuno. Nthawi imeneyo kunalibe firiji. Tsono ophikawo ankatani? Nsomba ina ankainyika mu msuzi wa soya, ina mu mchere ndi viniga, ina ankaiwiritsa kapena kuiphika ndithu, ngakhale kuti nyanja inali pakhomo pawo penipeni. Kudya nsomba yosakhudzidwa ndi chilichonse kunafala mafiriji atabwera. Ngakhale nsomba yofiirira ija yotchedwa salmon, imene msuweni ankadula tsiku ndi tsiku ku Cape Town, Ajapani sankaidya yosaphika poopa nyongolotsi. Anachita kuwanyengerera ndi anthu a ku Norway m'zaka za m'ma 1980, pofuna msika wa salmon yawo yoweta.

Ndinamuuza kuti, "Msuweni, iwe uli ngati Yohei, ulibe firiji yodalirika. Kusiyana kwake n'kwakuti iye nyanja inali pakhomo, iwe ili kuseri kwa Khwekhwerere. Ngati iye ankaphika, iwe ukuchita manyazi ndi chiyani?"

Anakhala chete nthawi yaitali, akupukuta mpeni umene unali woyera kale.

TINADYA NDITHU

Titaswali Asr, analowa m'khitchini osalankhula ndi munthu. Ine ndi azakhali tinakhala panja tikuothera kadzuwa, poti pa Biriwiri mphepo imayamba msanga. Iwo anandiuza chimene chinkawaopsa kwenikweni. Sichinali fiqh ayi. Anati dzina la malo awo analimanga zaka zambiri, ndipo dalaivala mmodzi yekha akatsegula m'mimba pa Dedza n'kunena kuti anadya kwa mayi a Chisilamu a pa Biriwiri, mawa lake nkhani ifika ku Mwanza ndi ku Songwe. Ndipo anthu sadzati wadwalitsa ndi mwana wobwera ku Joni. Adzati Asilamu.

Patapita ola limodzi msuweni anatuluka ndi mbale yaikulu. Ndiyenera kunena chilungamo, sindinaonepo chakudya chokonzedwa mokongola chotero. Chambo anachichotsa minga yonse ndi mpeni wake uja mosataya mnofu ngakhale pang'ono, luso limene ngakhale azakhali, amene atumbula nsomba moyo wawo wonse, analiyang'ana kukamwa kuli yasa. Mnofuwo anauthira mchere, nauwotcha pa makala mpaka kupsa bwino. Mpunga unali wa Kilombero, umene anadandaula kuti ndi wautali ndipo sugwirana ngati wa ku Japan, kotero anauphika ndi madzi ochulukirapo, nauthira viniga, shuga ndi mchere basi, n'kumaukupiza ndi chivundikiro cha poto kuti uzizire. Anayala tsamba la nori pa kamphasa kaja, napaka mpunga, naika chambo, peyala ndi nkhaka, nakulunga kamodzi n'kamodzi, n'kudula timagawo tofanana ngati toyeza ndi rula. Tina anaikamo mlamba wowamba umene anauwiritsa kaye.

Ndinafunafuna timitengo todyera tija ndili ndi nkhawa, koma anati ku Japan komweko sushi amaloledwa kudya ndi manja. Alhamdulillah. Tinasamba m'manja, tinati Bismillah, ndipo ndinatenga ndi dzanja lamanja monga tinaphunzitsidwira.

Kukoma kwake n'kwachilendo. Mpunga wozizira wowawasira pang'ono umayamba wakudabwitsa, poti kwathu mpunga wowawasa ndi woti utayidwe. Kenaka kumabwera fungo la Kilombero, mafuta a peyala, ndi chambo chonunkhira utsi wa makala. Ya mlamba ndiyo inandigwira mtima kwambiri, mwina chifukwa mlamba wowamba uli ndi mphamvu yolimbana ndi viniga. Wasabi ndinamutapa ngati ndiwo, osamvera chenjezo, ndipo zimene zinandichitikira ndisazilembe m'magazini ya mabanja. Azakhali anaseka mpaka kugwira nthiti.

Iwo analawa kamodzi, natafuna nthawi yaitali maso ali kudenga. Anati, "N'zokoma. Koma munthu angagone nazo zimenezi?" Dalaivala wina wa thiraki yopita ku Beira, amene anaima kuti aswali, anapatsidwako tiwiri. Anadya, nayamikira, napempha tina tiwiri, kenaka anaitanitsa nsima ndi usipa.

Pali vuto limene silinathe. Masamba a nori amene anabwera nawo anatsala paketi imodzi, ndipo kuti apeze ena ayenera kutuma munthu ku masitolo akuluakulu a mu mzinda kapena kudikira wobwera ku Joni. Chambo nacho sichipezeka tsiku lililonse, makamaka m'miyezi ya November ndi December pamene makoka amaletsedwa kuti nsomba ziswane, ndipo ndinamuchenjeza kuti asagule cha ozembetsa m'nyengo imeneyo, ngakhale atamutsitsira mtengo chotani. Anagwirizana ndi amayi ake kuti sushi azikonza Loweruka lokha, ya nsomba yophika, ndipo mphika wa nsima usachoke pamoto.

Pondiperekeza kokwerera minibasi anandifunsa ngati pa chikwangwani angalembe kuti "Halaal Sushi". Ndinati alembe, bola botolo lililonse la m'khitchini mwake akhale atawerenga chimene chalembedwapo. Anati la soya lili ndi chidindo, analiyang'ana kale. Kenaka anandipatsira kapepala kokulunga timagawo tinayi kuti ndikapatse ana kunyumba, koma azakhali anathamanga n'kudzandilanda, nati mpunga wa peyala sungafike ku Mangochi uli bwino ndi kutentha kwa ku Golomoti. M'malo mwake anandinyamulitsa thumba la kachewere.